Mapegi Asanu pa Paipi ya Dona

Mzime ananyamuka mochedwa. Katundu yense anali atapita masana pa lole, amayi ake atatsogola kale ku kanyumba katsopano kutsidya kwa mzinda. Makiyi a nyumba ya kampaniyi, momwe banja lawo linakhalamo zaka makumi atatu, ankayenera kubwezedwa m'mawa mwake. Iye anatsala kuti asese ndi kutseka mawindo, koma m'malo mosesa ankangozungulira m'zipinda zopanda kanthu. Pakhoma la pabalaza panatsala malo oyera ozungulira pomwe pankapachikidwa wotchi. Pamphuthu ya chitseko cha kukhitchini panali timizere ta pensulo tomwe malemu bambo ake ankalemba poyeza msinkhu wa ana awo. Mzere wake womaliza unkamulekeza pachibwano.

Mmene ankatsegula galaja, n'kuti eyiti koloko itadutsa kale.

M'galajamo munali Dona, galimoto yakalekale yobiriwira, yamphuno yaitali, ya mabampala onyezimira ndi mipando yachikopa yong'aluka ngati zidendene. Abambo anaigula asanakwatire. Amayi ankakonda kuseka kuti m'banjamo iwo ndiwo anali mlendo, chifukwa anam'peza Dona ali kale pakhomo. Chimwalirireni abambo, zaka ziwiri zapitazo, Dona anali asanatulukepo.

Achimwene ake a Mzime anali atapangana kale ndi anthu ogula zitsulo zakutha kuti abwere m'mawa. Ankati kunyumba yatsopano kulibe malo osungirako chikumbutso cha matayala anayi. Mzime, yemwe sankatha kukangana ndi munthu, anangoima pakhomo la galaja osasuntha, mpaka achimwenewo anatopa.

"Chabwino," anatero. "Ikakafika kwa amayi usiku uno ndi mphamvu zake, ikhale. Ikakafera panjira, usavutike n'kundiimbira. Ndingowauza anyamatawo akaitole pomwe yagonapo."

Mzime anavomera ndi mutu. Sankaopa kwenikweni, popeza kwa masabata atatu, akaweruka kuntchito kwake kosindikiza mapepala, ankabwera kudzakhala ndi Dona atatsegula buku la abambo lothimbirira ndi girisi. Anaika mapulagi atsopano, batire latsopano ndi oilo watsopano. Anapukuta injini yonse mpaka inawala. Popukutapo anapeza chinthu chomwe chinamumvetsa chisoni. Pa paipi yopyapyala yobweretsa petulo ku injini panali patapanidwa mapegi asanu ndi awiri, timitengo tija topanira zovala pachingwe, takuda ndi utsi, titagwira kasanza kofumbwa. Iye anaganiza kuti abambo anachita zimenezi m'miyezi yawo yomaliza, mutu utayamba kusokonezeka. Anawachitira manyazi. Anachotsa mapegiwo mwakachetechete n'kukawataya kudzala, osauza munthu. M'mawa uliwonse, kusanatenthe, Dona ankalira bwinobwino kiyi akangopotokola.

Koma sabata imeneyo kunatentha modetsa nkhawa. Masana phula linkamata kunsapato, ndipo ngakhale dzuwa litalowa, makoma ankapumabe moto ngati mbaula. Pampando wa dalaivala Mzime anapezapo chipewa chakhaki cha abambo. Anachinunkhiza, n'kuchivala. Kenaka analiza galimoto n'kutuluka pageti osacheuka.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Fungo la chikopa chotentha linamubwezera kumasiku a Lamlungu akale, iye atapanikizika kumbuyo pakati pa akuluakulu ake, ntchafu zitamatirira pampando, abambo akuimba nyimbo yomwe sankadziwa mawu ake onse, amayi akuwakonza. Anadzipeza akumwetulira yekha.

Pamaloboti achitatu, pomwe magalimoto anandandana osayenda, Dona anatsokomola kawiri n'kuzima. Mahutala anayamba kulira kumbuyo. Mzime, makutu akutentha ndi manyazi, anakankhira galimoto pambali n'kutsegula boneti. Mawaya onse anali m'malo mwake. Batire linali lamphamvu, injini inkatembenuka koma osagwira. Petulo analimo woposa theka. Anadikira kanthawi akuyang'ana m'buku, ndipo atayesanso, Dona analira ngati sanalakwe chilichonse.

Pachitunda cha kuseri kwa msika anazimanso. Ali chikhalire m'mbali mwa msewu, foni inalira. Anali achimwene, kufunsa kuti a makaniko afika pati. Mzime anayankha kuti ali m'njira.

"Koma injini yakoyo ndi yaulemu," anatero achimwene. "Sikumveka n'komwe."

Anadula foni akuseka. Mzime anayang'ana chiwongolero chomwe manja a abambo anachisalalitsa. Dona atadzukanso, iye anaganiza zosiya msewu waukulu ndi maloboti ake, adzere msewu wakale wodutsa pamlatho wachitsulo. Kumeneko kunalibe magalimoto, kunalibenso maso a anthu.

Msewuwo anali atauiwala. Magetsi a m'mbali mwake anathima kalekale. Mashopu anali otsekedwa ndi malata, udzu wouma utamera m'ming'alu ya phula. Chakufupi ndi mlatho, kumanzere, kunali nyumba imodzi yopanda anthu, ya mawindo opanda magalasi, yokhala ndi shedi yakugwa pambali pake. Ataiona, Mzime anakumbukira. Nthawi zonse akamadutsa pano, abambo ankachepetsa liwiro n'kuliza hutala kawiri. Ana akafunsa chifukwa chake, iwo ankangoti ndi moni, ndipo amayi ankayang'ana kumbali.

Dzanja lake linapita lokha pahutala. Analiza kawiri.

Dona anatsokomola. Ananjenjemera thupi lonse. Anayenda pang'ono mwa ulesi n'kukaima pakamwa penipeni pa mlatho.

Zii.

Mzime anapotokola kiyi. Palibe. Anadikira, n'kupotokolanso. Palibe. Ulendo wachitatu anamva batire likuyamba kufooka, ndipo analeka. Anatsegula boneti, mpweya wotentha unamuwomba kumaso. Sankadziwanso choyang'ana. Chomwe anaganiza n'chakuti mwina injini ikufuna madzi, choncho anatenga chigubu ndi tochi kubuti. Mtsinje unali utaphwa, pansi pa mlatho panali mchenga wokhawokha. Anatembenukira kunyumba ija.

Geti linali lotsegula. Masamba ouma ankaphwanyika pansi pa nsapato zake mokweza kuposa mmene akanafunira. Kuseri kwa nyumba anapeza mpope wadzimbiri, ndipo anadabwa kuti atapotokola unatulutsa madzi. Pamwamba pa mutu wake panadutsa waya woyanikapo zovala. Kunalibe kamphepo ngakhale pang'ono, koma wayayo ankagwedera. Pang'onopang'ono. Ngati wina wangochotsapo chovala.

Mzime sanadikire kuti chigubu chidzaze. Anayenda mofulumira. Madzi ankakhavukira pathalauza. Anatuluka pageti, n'kukweza tochi...

Pa Dona panali munthu!

Anali atawerama pansi pa boneti, mutu uli m'kati, manja ali kumbuyo ngati munthu woyang'ana mwana wogona. Anavala ovolosi yabuluu yofwifwa. Msewu wonse unali pululu, ndipo Mzime sanamve phazi la munthu kapena njinga.

"Mwachedwa, alamu," anatero munthuyo osatembenuka.

Mzime anaima chapatali. Anadziuza kuti ndi mlonda wa pafupi, kapena woledzera wosokoneza anthu. Mawu akewo sanali a munthu woledzera. Anali ofatsa, okhala ngati akuchokera patali.

"Mapegi anga mwawachotseranji?"

Chigubu chinatsala pang'ono kumupulumuka. Za mapegi sanauzepo munthu. Anayankha monong'ona kuti ankaona ngati ndi zinyalala. Munthuyo anaseka pang'ono, kuseka kopanda mkwiyo, n'kumukodola kuti ayandikire. Anamuuza kuti asathamangire sipanala, chifukwa galimoto yozima pakatentha siyambidwa ndi sipanala, imayambidwa ndi khutu. Mzime anawerama. Poyamba anangomva mtima wake. Kenaka anamva kaphokoso kena kochokera mu paipi ija, kosisima ngati ketulo ikamayandikira kuwira.

Munthuyo analoza kabotolo kagalasi kokhala pa pampu ya mafuta. Mzime anawalitsapo tochi. M'katimo, petulo ankachita thovu, timibulu tikukwera tokhatokha.

"Petulo wanu wawira," anatero mlendoyo. "Dona sakudwala ayi, ali ndi ludzu. Pampu imadziwa kukoka zamadzi. Nthunzi siidziwa."

Anafotokoza mwachidule, ngati munthu wobwereza zomwe ananenapo kale kambirimbiri. Paipi ya petulo imadutsa pafupi kwambiri ndi chitsulo cha ekizosi. Kukazizira palibe vuto. Kukatentha chonchi, makamaka galimoto ikaima kapena ikamakwera chitunda pang'onopang'ono, petulo amasanduka nthunzi asanafike ku injini. Ukadikira, amazizira, galimoto n'kulira, iwe n'kumayesa wakonza. Anamuuza kuti ang'ambe kansalu, akanyowetse. Mzime anavula malaya ake amkati, n'kuwaviika m'chigubu.

Apo ndi pomwe anaona dzanja.

Mlendoyo anagwira paipi ija, chikhato chake chitatsamira pa chitsulo cha ekizosi. Chitsulo chomwe Mzime atangochiyandikira chinamuwaula ubweya wa pamkono. Munthuyo sanachotse dzanja. Sanatsinzine n'komwe. Kusisima kuja kunayamba kuchepa... kuchepa... mpaka kunatha. Atachotsa dzanjalo, pa paipi panatsala timadontho ta mame.

Mzime anamva tsitsi likuimirira pansi pa chipewa. Miyendo inkafuna kuthawa. Koma kuthawa kunali kumusiya Dona pamlatho kuti anyamata a zitsulo adzamutole m'mawa. Anaima pomwepo. Anapereka nsalu yonyowa ija, akuyesetsa kuti zala zawo zisakhudzane.

Zinakhudzana. Zinali zozizira ngati mwala wa pansi pa mtsinje.

Mlendoyo anakulunga nsaluyo pa pampu ndi pa paipi. Kenaka anapisa m'thumba la pachifuwa la ovolosi n'kutulutsa mapegi. Anawapana limodzilimodzi, ena kugwira nsalu, ena kutalikitsa paipi ku chitsulo chotentha chija. Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi. Asanu. Atamaliza anaweramuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana Mzime kumaso. Anali bambo wa zaka ngati makumi atatu, wa mpata pakati pa mano akutsogolo. Nkhopeyo inali yachilendo, komabe Mzime anamva ngati anaionapo penapake.

Munthuyo anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kumwetulira kunachoka.

"Si inu ayi," anatero. "Makutu ndi omwewo, koma si inu. Mwini chipewachi ali kuti?"

"Anatisiya," anayankha Mzime. "Zaka ziwiri zapitazo."

Mlendoyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana msewu wopanda kanthu.

"N'chifukwa chake hutala anasiya kumveka. Ine ndimati ndinawalakwira."

Anasisita Dona pamphuno ngati mmene munthu amasisitira ng'ombe yake yokalamba. Kenaka anauza Mzime kuti alowe, apondeko mafuta kamodzi kokha, asachite kupopa, ndipo asaime paliponse mpaka akafike. Mzime atagwira chitseko, mawu aja anamutsatira.

"Ukamuuze wochapa zovala uja kuti ndabweza. Onse asanu."

Mzime anakhala pampando. Boneti yotsegula inkamutchinga kutsogolo. Anaponda kamodzi. Anapotokola kiyi. Dona analira nthawi yomweyo, kulira kosalala komwe Mzime anakumva komaliza ali mwana. Boneti inatsika yokha.

Gwa!

Nyali za galimoto zinawalitsa mlatho wonse mpaka kutsidya. Panalibe munthu. Kumanzere, kumanja, pagalasi loonera kumbuyo... palibe. Pafumbi la m'mbali mwa msewu panali mapazi a munthu mmodzi yekha, a nsapato zake zomwe.

Mmene anawolokera mlathowo sanadziwe. Anangoyendetsa osaima. Anadutsa chitunda china, anadutsa maloboti awiri. Dona sanatsokomole ngakhale kamodzi.

Amayi anali pakhonde la nyumba yatsopano, atakhala pa katoni ya mbale. Anaimirira galimoto isanaoneke n'komwe, chifukwa kulira kwake anakuzindikira ili patali. Achimwene anatuluka m'nyumba akuyang'ana wotchi yapamkono, n'kunena kuti zodabwitsa sizitha, nkhalamba yafika ndi mano ake onse. Koma ataona nkhope ya mng'ono wawo, nthabwala zinawathera. Anafunsa komwe malaya amkati apita, ndi chomwe chamuwopsa chonchi.

Mzime sanathe kufotokoza bwino. Anangotsegula boneti n'kupereka tochi kwa amayi. Ananena za mlatho, za munthu wa ovolosi, za mpata wa m'mano. Pomaliza anabwereza uthenga uja monga momwe anaumvera.

Amayi anawerama. Anawalitsa pa mapegi aja nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja n'kutembenuza limodzi. Pamsana pake panali timizere tiwiri totenthedwa ndi msomali wamoto. Anayang'ana lachiwiri. Timizere tiwiri. Onse asanu anali choncho.

Amayi anakhala pabampala, tochi ili pamiyendo, ndipo anayamba kusimba ndi mawu otsika. Nyumba ya pamlatho ija ndi momwe iwo anakulira. Ali mtsikana anali ndi mapegi khumi ndi awiri, omwe anawatentha timizere kuti anthu oyandikana nawo asamawasokoneze ndi awo. Tsiku lina lotentha ngati limeneli, galimoto yobiriwira inazima pamlatho, mwini wake mnyamata wa chipewa chakhaki atasowa pogwira. Mchimwene wawo wa amayi, yemwe anali makaniko mu shedi ija, anathamangira kuseri n'kukwatula mapegi onse pawaya, zovala zochapa n'kugwera m'fumbi. Iwo anatuluka akulalata mpaka kumsewu. Mnyamata wa chipewa uja anavula chipewa chake n'kupepesa m'malo mwa makaniko, ndipo sabata yotsatira anabweranso, galimoto ilibe vuto lililonse.

Pa paipi panakwana mapegi asanu ndi awiri okha. Asanu otsalawo mchimwene wawoyo anawaponya m'thumba la ovolosi. Zaka zonse zotsatira, amayi akamufunsa, iye ankangoseka n'kunena kuti adzabweza tsiku lomwe adzafunike.

Achimwene anafunsa mwakachetechete ngati amenewo ndi malume aja ankawanyamula paphewa iwo ali aang'ono. Amayi anavomera ndi mutu, maso ali pa Mzime.

"Iwe sunawaone," anatero. "Anamwalira ndili ndi pakati pa iwe. Anawapeza m'shedi muja atagona pansi pa galimoto ya munthu, mtima utangoima. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tsopano. Maliro atatha ndinapisa m'matumba onse a ovolosi ija. Munalibe kanthu."

Injini inkathetheka pang'onopang'ono pozizira. Mzime anayang'ana amayi ake akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu, akuyesa kumwetulira, ndipo anaona mpata uja pakati pa mano awo akutsogolo.

Achimwene anatambasula dzanja n'kukhudza pegi limodzi. Analibweza msanga ngati alumidwa. Injini yonse inali moto, koma kamtengoko kanali kozizira. Anatulutsa foni m'thumba, n'kupita kuseri kwa nyumba. Mzime anawamva akuuza munthu wina kuti m'mawa asavutike kubwera.

Mzime anafunsa amayi ngati achotse mapegiwo kuti awasunge m'nyumba, popeza ndi awo. Iwo anakana. Anaimirira, anatseka boneti ndi manja awo, n'kusiya chikhato pamenepo kwa kanthawi.

"Asiye pomwepo, akugwira ntchito," anatero. "Mawa dzuwa likapepa udzanditengere kumlatho, tikalize hutala. Wadikira mokwanira, wabodza uja."